Nyumba Yokhala ndi Nthochi Kuseli

Tsiku limene tinachoka ku Zomba kunali chiperoni. Phiri linali litabisala m'nkhungu kuyambira m'mawa, ndipo kamvula kowaza kankagwera pa masamba a nthochi ngati munthu akupeta mapira chapatali. Ndimakumbukira kulira kwa musi kuseli kwa nyumba, kumene mlamu wanga Esinala ankasinja chimanga choti tikayambire kumene tinkapita. Ndimakumbukiranso hutala ya lole kumsewu, katatu. Musi unaleka. Tonse tinayang'anana, chifukwa loleyo tinkaiyembekezera Loweruka, koma tsikulo linali Lachitatu.

Ine ndinali khukhi wa bwana wina wa m'boma. Nditakwatira Dorika ndinakhala kwawo monga mkamwini, m'mudzi wa kumunsi kwa phiri, ndipo ndinkakwera chitunda pa njinga m'mawa uliwonse kupita ku ntchito. Pamene maofesi anayamba kusamukira ku likulu latsopano, bwana anandipeza m'khitchini ndikukanda buledi.

"Filipo, ife tikupita ku Lilongwe. Iwe ukuti bwanji?"

"Ndikafunse kunyumba, bwana."

Dorika sanachedwe kuyankha. "Mukufunsa ine, bambo a Yona? Bwanayo akakadya buledi wa munthu wina n'kudwala, tchimo likhala lanu. Tiyeni tikaone kumene akumanga dziko."

Koma kwathu mkamwini sanyamula mkazi ngati akunyamula mkeka. Amakhala pansi pamaso pa mwinimbumba, napempha ndi pakamwa pake, ndipo mwinimbumba akavomera ndi pamene ulendo umakhala ulendo. Mwinimbumba wa Dorika anali amalume ake, a Malunga, amene anamulera Dorikayo mayi ake atamwalira. Ndinali nditawatumizira mawu, ndipo anati tidzakhale pansi Lachisanu, iwo akabwerako ku Chilwa kumene anapita kukagula matemba. Lole inabwera iwo asanabwere.

Ndinayesa kumufotokozera dalaivala. Anandiyang'ana ali pampando wake nati, "Madala, boma silidikira amalume. Kwerani, apo ayi mudzabwera wapansi."

Dorika anathamangira kuseli ndi khasu, nakumba mphukira ya nthochi imene anabzala mayi ake, naikulunga m'chiguduli chonyowa. Esinala anatithamangira mpaka kumsewu ndi dengu la chimanga chosatha kusinja.

"Nanga amalume ndikawauze chiyani, alamu?"

"Uwauze kuti tilemba kalata," ndinatero.

Lero ndikakhala pansi n'kuganiza, ndimaona kuti zonse zinayambira pa mawu amenewo.

Tinayenda titakhala pamwamba pa mipando ya bwana, Yona wa zaka zisanu ndi chimodzi ali pakati pathu, Marita ali kumbuyo kwa amake. Titafika ku Lilongwe chiperoni chinali chitatsala kutali. Kunali mphepo youma ndi fumbi lofiira, ndipo paliponse akatapila ankagwetsa mitengo n'kusalaza misewu yopita kumene kunalibe nyumba. Dorika anaimirira pa lole, nayang'ana kum'mawa, nayang'ana kumadzulo.

"Bambo a Yona, phiri analiika kuti?"

Bwana anapatsidwa nyumba ku Area 9, ndipo ife tinalowa m'kanyumba ka antchito kuseli kwake, ka zipinda ziwiri. Panja panali mpope wathuwathu. Dorika, amene anakula akutsika chigwa ndi ndowa kawiri pa tsiku, anautsegula, nautseka, nautsegulanso, kenako anauwombera m'manja. Anautcha mtsinje wa pakhoma. Yona anapeza batani la getsi, ndipo tsiku loyambalo nyumba yathu inkaphethira ngati chiphaniphani mpaka ndinamuopseza kuti boma limawerenga.

Munthu woyamba kutilonjera anali a Chisale, mlonda wa pageti, mkulu wa mpingo wochokera m'mudzi wa kufupi ndi tauni. Anali munthu wamtali, wonyoza moseka.

"Inu akum'mwera mwatibweretsera boma, koma mvula mwaisiya kwanu," anatero. Ataona Dorika akukumba dzenje pafupi ndi mpope anaima ndi chibonga chawo. "Nthochi pano, mayi? Muzikaithirira ndi misozi?"

"Ndi madzi otsukira mbale za bwana, abambo. Idzanenepa kuposa inu."

Kuyambira tsiku limenelo awiriwo sankakumana osatemana mawu, ndipo a Chisale ndi amene anatitengera ku tchalitchi, natisonyeza msika wa m'tauni yakale, natiuza kwa munthu wogulitsa makala osanyowa.

Phunziro lathu lalikulu linabwera Lamulungu lachiwiri. Tinamva kuti banja lina la kwathu ku Zomba likukhala ku Area 10. Ine ndinawerenga ngati mwana wa sukulu: ife tili pa naini, ndiye kuti teni ili kuseri kwa mpanda. Tinavala zapatchalitchi, Dorika anavala nsapato zake za ukwati, ndipo tinauza a Chisale kuti tibwera msanga. Tinayenda. Tinafunsa munthu, anati nayenso wabwera mwezi watha. Tinafunsa wina, anatilozera kutchire. Tinadutsa udzu, tinadutsa milu ya njerwa, tinaona nyumba zosanja za City Centre zikumera pakati pa mitengo, nkhanga zikuthamanga pansi pake. Tinabwerera dzuwa litapendeka, osawapeza anthuwo, Dorika nsapato zili m'manja.

A Chisale anaseka mpaka anakhala pansi. "Manambalawa musamawawerenge ngati ana obadwa motsatana. Amene anawaika anachita kumwaza ngati nthangala za maungu."

Kuyambira pamenepo Dorika sanakhulupirirenso nambala. Akamalongosola njira ankatchula zinthu zooneka ndi maso: mlatho, mtengo, chulu, galu wakuda.

Tinazolowera pang'onopang'ono. Yona anayamba sukulu nabwerako akuyankhula Chichewa cha kuno, n'kumatiseka ife makolo ake. Nthochi ija inagwira, inaphuka, inabala, ndipo masamba ake anasuzumira pamwamba pa mpanda moti munthu ankaiona ali kumsewu. Dorika ankati ndilo phiri lake, chifukwa akaiona ankadziwa kuti wafika. Anayamba kukazinga zitumbuwa za nthochi zomwezo n'kumakagulitsa kwa amisiri omanga nyumba. Amisiriwo anamutcha Nazomba. Akangotulukira ndi beseni pamutu ankakuwa ali pamakwerero: "Nazomba wafika! Siyani simenti!" Ndalama za zitumbuwa ndizo zinatigulira wailesi ndi yunifolomu ya Yona. Ku tchalitchi amayi anamuika patsogolo poimba, chifukwa mawu ake ankafika kunja. A Chisale, amene analosera misozi, ankadya zitumbuwa ziwiri m'mawa uliwonse nanena kuti zikuchepa mchere.

Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse, tikabwera kopemphera, tinkalemba kalata ya kumudzi. Dorika sankadziwa kulemba, choncho iye ankanena, ine n'kumalemba. Sankalola kuti ndikonze mawu ake. Ankafotokoza za mpope, za a Chisale, za dzino loyamba la Marita. Tinkaikamo kandalama ka mchere ndi sopo. Ndipo kalata iliyonse ankaimaliza chimodzimodzi: "Mukatsika basi pa depoti musafunse nambala. Muwoloke mlatho, mugwire msewu wa ku Mchinji, mukhotere kudzanja lamanja. Nyumba yokhala ndi nthochi kuseli, ndife."

"Njirayi tinalemba kale mwezi watha, amake Yona," ndinkatero.

"Lembaninso. Inki ndi yanu?"

Yankho silinabwere. Mwezi woyamba tinati mvula. Wachiwiri tinati positi. Chaka chitatha, munthu wina wa kwathu wogulitsa nsomba zouma mumsika anandikokera pambali nandiuza zimene a Malunga ananena atabwera ku Chilwa n'kupeza nyumba yotseka: "Mkamwini amene waba mwana wanga abwere yekha ndi pakamwa pake. Pepala silikhala pa mkeka."

Ndinayenera kukwera basi sabata yomweyo. Sindinakwere. Bwana anali ndi alendo, kenako tchuthi changa chinasunthidwa, kenako Marita anadwala chikuku. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti ndinkachita manyazi, ndipo chaka chilichonse chimene chinkadutsa manyaziwo ankalemera. Ndinkadziuza kuti kalata yotsatira iwafewetsa mtima.

Ndikabwera ku positi ndi makalata a bwana, Dorika ankandichingamira pa mpope.

"Kuli kanthu?"

"Palibe."

"Ndiye kuti akadasongola pensulo."

Ankaseka, ndipo nane ndinkaseka. Koma pambuyo pake ndinkamuona ataima pa nthochi paja akuchotsa masamba ouma amene anali atachotsa kale dzulo lake. M'tauni muno tinali ndi anzathu ambiri, koma panalibe munthu amene anamudziwa Dorika ali kamtsikana. Kusungulumwa kwake kunali kumeneko.

Anamwalira m'chaka chathu chachinayi, nthawi ya dzinja, atadwala masiku ochepa okha. Bwana anatumiza uthenga pa wailesi kuti abale a ku Zomba amve, maliro ali ku Area 9. Tinadikira masiku awiri. Galimoto iliyonse ikaima kumsewu ndinkadzuka. Tsiku lachitatu a Chisale anakhala pambali panga nati, "Achimwene, mayiwa anali athu. Kwathu manda alipo." Anthu a mpingo anamunyamula, amisiri aja anabwera ndi fumbi la simenti m'tsitsi, ndipo Dorika anagona m'mudzi wa a Chisale, pakati pa anthu amene sanali abale ake.

Ine si munthu wofulumira kuweruza. Koma chaka chimenecho, tikamapemphera m'tchalitchi n'kufika pa mawu onena za kukhululukira amene atilakwira, ndinkangotseka pakamwa n'kudikira kuti anzanga adutsepo. Ndinkaganiza kuti: ine ndinalakwa, chabwino, koma mwana wawo anawalakwira chiyani kuti asabwere ngakhale kudzaponya dothi?

Chimene chinandikweza basi ndi ana. Kwathu ana ndi a kwa mayi awo, ndipo munda wa Dorika unali wa Marita. Ndikanakhala chete, ana anga akanakula opanda mudzi. Chilimwe chotsatira ndinapempha tchuthi, ndipo ulendo uno sindinalole kuti chisunthidwe. Ndinakumba mphukira imodzi pa nthochi ija, ndinaikulunga m'chiguduli chonyowa. A Chisale anatiperekeza ine ndi ana mpaka pa depoti.

"Mukakafika musakayambe ndi nambala," anatero. "Mukayambe ndi moni."

Titayandikira Zomba, Marita analoza pa zenera. "Ababa, chimtambo chija bwanji sichikuyenda?"

"Limenelo ndi phiri la amako."

Ndinkayembekezera kupeza bwinja. Ndinapeza nyumba yathu ili yofolera udzu watsopano, pabwalo posesedwa, munda wa Dorika uli wososedwa bwino kudikira mvula. Esinala anatiwona akuchokera kumadzi. Anatula ndowa molakwika mpaka madzi anatayika, nagwira ana onse awiri nthawi imodzi.

A Malunga anali pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Anali atakalamba kuposa mmene zaka zisanu zikanawakalambitsira. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi pa dothi chapatali pang'ono monga mwa ulemu, ndipo titapatsana moni ndinanena mawu amene ndinayenera kunena Lachisanu lija.

"Amalume, ndabwera kudzatsanzika. Ndapeza ntchito ku Lilongwe. Ndikupempha kuti mundilole ndimutenge Dorika ndi ana."

Anthu anali atayamba kusonkhana. A Malunga anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Mwachedwa, akamwini."

"Ndachedwa, amalume."

"Mutengeni," anatero. "Mukamusamale."

"Ndinamusamala."

Anaphimba nkhope ndi chikhatho, ndipo mapewa awo anagwedezeka. Palibe amene anawatonthoza, chifukwa tonse tinali chimodzimodzi.

Titamwa madzi ndinafunsa funso limene ndinayenda nalo chaka chonse. Sindinakweze mawu. "Uthenga wa maliro simunaumve?"

Esinala ndi amene anayankha.

"Tinaumva, alamu, pa wailesi ya pagolosale. Amalume anagulitsa mbuzi tsiku lomwelo, m'mawa mwake tinakwera basi awirife. Tinafika."

"Munafika ku Lilongwe?"

"Tinafika. Pa depoti tinafunsa Area 9, munthuyo anati iye ndi mlendo. Wina anati chapafupi pano pali Area 8. Amalume anati basi, tapeza, naini ili kuseri kwake. Tinayenda, tinamva nyimbo za maliro, tinalowa. Ine ndinadzigwetsa pakati pa amayi, ndinalira mpaka mawu anatha. Anatipatsa mkeka, anatipatsa chakudya. Ndinangodabwa kuti alamu anga sindikuwaona. Ndiye mkulu wina anaimirira kunena mbiri ya womwalirayo, kuti anali gogo wokonza njinga."

Wina mwa anthu aja analephera kudzigwira, anaseka. Esinala nayenso anaseka misozi ili m'masaya.

"Amalume anandikodola, tinatuluka chobwerera m'mbuyo. Amayi a pamenepo anandigwira dzanja akuti, 'Pepani, mayi, mumawakonda kwambiri agogowa.' Tsiku lachiwiri wina anati teni ili ku City Centre, ndiye naini ili komweko. Tinayenda tsiku lonse. Mipanda, mageti, agalu. Tsiku lachitatu ndalama inatsala ya basi yokha. Tinabwera, ndipo amalume anati tisauze munthu."

"Koma njira inali m'kalata," ndinatero. "M'kalata iliyonse."

Esinala anawayang'ana amalume ake. Kenako analowa m'nyumba natuluka ndi chitini cha mabisiketi chakuda ndi mwaye. Anachiika patsogolo panga. Munali makalata athu onse, osanjikizidwa bwino, omangidwa ndi luzi. Panalibe ngakhale imodzi yotsegulidwa.

"Ndinaletsa ndine," anatero a Malunga. "Ndinati tikatsegula ndiye kuti tavomera pepala m'malo mwa munthu."

"Ponyamuka ndinawauza kuti titsegule imodzi yokha," anatero Esinala. "Anati maliro sasowa."

Ndinamasula luzi lija. Ndinatsegula kalata yoyamba, kandalama kake kakadali momwemo, ndipo ndinayamba kuwerenga mokweza. Zolemba zinali zanga koma mawu anali a Dorika, osakonzedwa. "Amalume, kuno mtsinje umatuluka pakhoma, ndipo ukautseka umamvera. Phiri kulibe, anaiwala kulikweza pa lole. Kuli mlonda wamtali ngati nsungwi amene akuti nthochi yanga ifa." Anthu anaseka. Ndinatsegula yachiwiri, yachitatu. Amayi a m'mudzi anasendera pafupi. Anamva za nsapato za ukwati zimene zinayenda m'manja, za amisiri okuwa pamakwerero, za Yona woseka Chichewa cha makolo ake. Esinala ankati, "Ndi iyeyo! Ndi mmene ankanenera!" Marita, amene anali atayamba kuiwala mawu a amake, anakhala pa miyendo ya Esinala kukamwa kuli yasa. Madzulo amenewo Dorika anacheza ndi mudzi wake wonse, ndipo anauseketsa monga kale.

Kalata iliyonse ndinkaiwerenga mpaka kumapeto. Pa yachisanu a Malunga anakweza dzanja.

"Bwerezani pamenepo."

"Mukatsika basi pa depoti musafunse nambala. Muwoloke mlatho, mugwire msewu wa ku Mchinji, mukhotere kudzanja lamanja. Nyumba yokhala ndi nthochi kuseli, ndife."

"Mlathowo tinauona," anatero mwapansipansi. "Tinaima pamenepo. Ine ndinati tibwerere."

M'mawa mwake ndinabzala mphukira ija kuseli kwa nyumba, pamalo pomwe Dorika anakumba. A Malunga anabwera ndi ndodo yawo, naima, kenako anatuma Yona kuti akatunge madzi, ndipo anathirira okha. Anamutenga Marita pa dzanja nakamusonyeza malire a munda wa amake, kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mkuyu.

Ndinabwerera ku Lilongwe, ndipo ndinagwira ntchito ku Area 9 mpaka maso anayamba kuchita mdima. Ana ankapita kumudzi tchuthi chilichonse. Tsopano ndikakumbukira ulendo umenewo, ndimaona kuti kwathu sikunatitsekere chitseko. Iwo ankafolera nyumba chaka ndi chaka kudikira munthu woti akhale pa mkeka, ife tinkadikira pepala pa mpope, ndipo amene analipira kuuma mtima kwa amuna awirife anali Dorika. Mbali yanga ndimaidziwa, ndipo ndinaipereka kwa Mulungu kalekale.

Pa ulendo umenewo, Lamulungu lake ndisanabwerere ku Lilongwe, tinapita ku tchalitchi chaching'ono cha m'mudzimo, a Malunga ali kudzanja langa lamanja, Esinala ali kumbali ya amayi ndi ana. Tinafika pa mawu aja amene ndinkawadumpha chaka chonse. Ndinawanena pamodzi ndi anzanga, mokweza.

Ndinawakhululukira.